Masamba Amene Ndinkataya

Lachiwiri, 3 Okutobala

Anzanga a m'gulu la Tsamba Loyera, ndikudziwa chimene mukuopa, ngakhale ulemu ukukuletsani kufunsa. Mukuopa kuti ine, Sudhanva Karmarkar, ndifa ndi mafayilo anga. Khazikani mitima pansi. Timabuku tonse ta makatuni timene ndajambula pa sikana m'zaka khumi ndi chimodzi ndinatisunga m'malo atatu, ndipo mwana wanga Ketaki akudziwa polowera. Ndiye azikutumizirani zimene ndikulemba m'kope muno.

Andigoneka masana ano, wodi ya odwala chifuwa, bedi 14. Kachipangizo kopana chala kakuti mpweya m'magazi mwanga uli pa 86. Wa munthu wabwinobwino umayambira pa 95. Andiika timapaipi m'mphuno, malita anayi pa mphindi. Ndakhala ndikutsokomola kuyambira pamene mvula ya kuno inayamba mu Juni. Lero m'mawa ndinalephera kukwera masitepe a kusukulu. Aphunzitsi anzanga anandipeza nditakhala pakati pa masitepewo, mapu a dziko ali m'khwapa.

Sindikuchita mantha. Kunena zoona sindikumva chilichonse.

Lachitatu, 4 Okutobala

Tsiku la pano limayamba ndi Sisita Jisha ndi kathileyi kawo: kutentha kwa thupi, kuthamanga kwa magazi, chala. Anditenga magazi timabotolo tisanu, ndi makhololo oti akaone ngati ndi TB. Tiyi 7 koloko, madokotala 9 koloko, alendo 5 koloko madzulo.

Pa bedi 15 pali a Inamdar, mkulu wa zaka 71. Anali kondakitala wa mabasi a mumzinda kwa zaka 34, ndipo utsi wa dizilo ndi fodya zinawathera mapapo. Atandiona ndikulemba anati, "Aphunzitsi, mukulemba mayina a ochita phokoso? Yambani ndi ine."

Ndinawafunsa kuti adziwa bwanji kuti ndine mphunzitsi.

"Dzulo mumafotokozera asisita mmene makina awo omwe amagwirira ntchito."

Mpweya 89. Mkazi wanga Mrinal anabwera ataweruka ku positi ofesi, ndi chapati ndi mphodza. Ndinadya chapati chimodzi.

Lachinayi, 5 Okutobala

Si TB. Anandilowetsa m'makina aakulu ojambula chifuwa aja a CT. Dokotala Pardeshi, mayi wamfupi wolankhula mofulumira, anandionetsa chithunzi. Mapapo onse awiri ali mbuu ngati galasi la zenera la kubafa.

"Mumaweta nkhunda?"

"Ayi."

"Pakhonde sizitera? Kuno ku Pune odwala anga ambiri otere ndi nkhunda."

"Tinatchinga ndi ukonde."

Anafunsa za thonje, za udzu wouma, za chinyontho cha pakhoma. Ine ayi, ayi, ayi. Mrinal anali ataima kumiyendo kwa bedi. Anati, "Auzeni za mabuku."

Ndinawauza, ndipo ndikufotokozerani inunso amene mwalowa m'gulu posachedwa. Kwathu kunali laibulale yobwereketsa ya a Limaye, kachipinda kamodzi pafupi ndi chigayo. Ankagula timabuku tamakatuni ta ana a kusekondale a kutsidya kwa nyanja, aja osakula, amene mavuto awo onse ndi mayeso, galimoto yakutha ndi woti avine naye Loweruka. Timabukuto n'topyapyala, ndiye a Limaye ankatipereka kwa wosoka mabuku, iye n'kulumikiza tisanu ndi titatu kukhala buku limodzi la chikuto cholimba. Laibulale itatsekedwa, mwana wawo anandipatsa mabuku otere 31. Ndajambula 22. Asanu ndi anayi akadali pa shelefu ya pamwamba pa bedi lathu.

Dokotala anafunsa ngati amanunkha.

"Amanunkhira," ndinatero.

"Amanunkha chuku," anatero Mrinal. "Tikatsegula fani fumbi limagwera pa pilo."

Dokotala analemba kanthu.

Lachisanu, 6 Okutobala

Anandilowetsa kapaipi ka kamera m'mapapo, kudzera m'mphuno. Anathiramo madzi n'kuwayamwanso kuti akawayeze. Pakhosi pakuwawa. Sindidye mpaka 4 koloko.

Mpweya 88.

Loweruka, 7 Okutobala

Kutentha 38.1. Ndagona tsiku lonse. Bedi 11 lakhala lopanda munthu kuyambira masana. Sindinafunse.

Lamulungu, 8 Okutobala

Kutentha kwatsika. Ketaki wabwerera ku ntchito ku Hyderabad. Tchuthi chake chatha. Asanapite anandisiyira tabuleti yokhala ndi timabuku tonse. "Baba, muziwerenga, osati kukonza," anatero.

A Inamdar sawerenga Chingerezi, koma anapempha kuona. Anatsegula masamba ndi chala chawo chachikulu, n'kumaseka mpaka kutsokomola. "Mphunzitsi uyu wagwera m'chidebe cha penti. Aphunzitsi, si inu amenewa?"

Kenako anafunsa ngati timabukuto n'tatsopano. Ndinati n'ta m'ma 1970 ndi 1980. Sanakhulupirire, ndiye ndinawafotokozera mmene timachitira. Umadula ulusi wa wosoka ndi lumo, masamba n'kumasuka. Tsamba lililonse umaligoneka pa sikana, madontho 600 pa inchi. Kenako pakompyuta umachotsa chikasu cha ukalamba, zidindo za laibulale, mizere ya makapu a tiyi, zolembalemba za ana. Tsamba limodzi limatha kudya ola. Lamulo la gulu lathu ndi lakuti tsamba lizioneka monga linatulukira ku makina osindikizira. Ine ndi amene ndinalemba lamuloli.

"Ndiye kuti mumachapa buku," anatero a Inamdar.

Ndinati tingatero.

Ana awo anabweretsa mpunga wa nyama ya mbuzi, womwe dokotala anawaletsa. Anaubisa kuseri kwa botolo la madzi. Sisita Jisha anaununkhiza ali pakhomo: "Amalume, ndikulembani!" Iwo anati ndi wa aphunzitsi.

Lolemba, 9 Okutobala

Zotsatira zatuluka. Ndi chuku cha m'mapepala. Dokotala anafotokoza bwino: fumbi lake likalowa, mapapo amaliona ngati mdani, ndipo pomenyana nalo amadzivulaza okha. Mbali ina yachita kale zipsera zimene sizidzachoka. Mbali yotsalayo ingachire. Mankhwala: prednisolone mamiligalamu 40 m'mawa uliwonse ndikadya, kenako kumachepetsa pang'onopang'ono kwa miyezi, mapiritsi oteteza m'mimba, a mafupa, kuyeza shuga katatu pa tsiku.

"Koma mankhwala aakulu si amenewa," anatero. "M'nyumbamo musakhale pepala lakale ngakhale limodzi. Makoma atsukidwe, matiresi asinthidwe. Apo ayi sindikutulutsani, chifukwa mubweranso, ndipo ulendo wachiwiri simudzalowa ndi miyendo yanu."

Madzulo Mrinal anati walankhula kale ndi wogula mapepala akale, uja amayenda ndi ngolo ndi sikelo. Abwera Lamulungu likudzali m'mawa. Anthu onse akuyeretsa nyumba pokonzekera chikondwerero cha Diwali, ndiye tsiku lina alibe.

Analankhula akupinda thaulo langa, osandiyang'ana. "Zaka khumi ndi chimodzi ndakhala ndikuona msana wanu. Ndikabwera ndi tiyi, msana. Ndikati alendo afika, msana. Sindinadandaule. Koma sindinakwatiwe kuti ndidzakhale wamasiye chifukwa cha ana a anthu ena ovina. Musandipemphe chilichonse chokhudza mabuku amenewo, bambo a Ketaki. Ndasenza zokwanira."

Ndinati, "Chitani mmene mwaonera."

Ndinayembekezera kuti china chake chindiwawe. Sichinabwere.

Lachiwiri, 10 Okutobala

Mpweya 91, malita atatu. Shuga 212 masana. Akuti ndi mankhwalawo. Jakisoni wa insulini pamimba. Njala ngati ya munthu wolima.

A Debashis a ku Kolkata, amene amayang'anira gulu lathu, anditumizira uthenga wautali. Akundikumbutsa kuti m'buku la 27 muli kabuku nambala 58 ka mtundu uja unkasindikizidwa m'dziko lino, ku Bombay, kamene palibe wina aliyense ali nako. Angathe kubwera kudzatenga mabukuwo, koma kumapeto kwa mwezi. Ndawayankha kuti nyumba iyenera kukhala itatsukidwa ndisanatuluke, ndipo ndinapereka kale mawu. Pepani, a Debashis. Ndinkakasungira kumapeto chifukwa ndi kabwino. Musamatero.

Lachitatu, 11 Okutobala

Mpweya 92. Ndayenda mpaka kubafa ndekha, ndikukoka botolo la mpweya.

Titamwa tiyi a Inamdar anayamba kukamba za laibulale ya kwawo, kumene ankabwereka nkhani za apolisi ndi akuba za m'Chiurdu. Anati mabukuwo ankafanana zikuto, moti munthu unkatha kulipirira buku limene unawerenga kale, n'kudzazindikira uli pa tsamba la makumi atatu.

"Ndiye aliyense anali ndi chizindikiro chake, patsamba lopanda kanthu la kumapeto lija. Wina nyenyezi, wina chilembo, wina kansomba. Usanabwereke umayamba watsegula kumbuyo. Ine ndinalibe pensulo, ndinali ndi choboolera matikiti. Buku lililonse limene ndinawerenga lili ndi kabowo pakona. Mwini laibulale ankanditukwana mpaka makolo." Anaseka, natsokomola, napuma. "Nanga inu chanu chinali chiyani, aphunzitsi? Ndikuganiza rula."

Ndinati ndinalibe. Ndinali wamng'ono, ndinkawerengera pa khadi la Sulabha-tai, mlongo wanga wamkulu, amene tinkangomutcha Tai. Iye ndiye ankasankha, iye ndiye ankalemba chizindikiro.

"Chinali chiyani?"

"Kaambulera. Ka inki yobiriwira."

Ndinali ndisanakumbukepo zimenezi kwa zaka makumi atatu. Zinangotuluka pakamwa.

"Tioneni," anatero, akuloza tabuleti.

Mulibe. Tsamba lakumapetolo ndi la wosoka mabuku, si la kabuku. M'gulu mwathu palibe amene amalijambula. Ndikadula ulusi, chikuto ndi masamba opanda kanthuwo ndinkaponya m'bini osayang'ana n'komwe. Ndinachita zimenezi ka 22.

A Inamdar anandibwezera tabuleti.

Lachinayi, 12 Okutobala

Mpweya 92. Shuga 188. Malita awiri.

Ndafufuza mafayilo oyambirira, amene ndinajambula ndisanachape. Ndinkawafufuta ndikamaliza, kuti malo asathe. Palibe.

Ndilembe zimene ndikudziwa. Tai anali wamkulu kwa ine ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Loweruka lililonse ankandikweza pa njinga kupita kwa a Limaye. Chingerezi ndinachiphunzirira m'timabukuti, iye akuwerenga mokweza ndi kusintha mawu kwa munthu aliyense. Inki yobiriwira inali ya bambo athu, ya ku ofesi, ankaiba pang'onopang'ono. Anakwatiwa ku Solapur mu 1987. Anamwalira mu 1989 pobereka, pamodzi ndi mwanayo. Akuchimuna sanatibwezere kanthu kake, ndipo makope ake a kusukulu mayi anapereka kwa wogula mapepala chaka chomwecho, chifukwa sankatha kuwayang'ana. Tili ndi zithunzi zake ziwiri. Chimodzi chili pakhoma pabalaza. Mrinal, amene sanamuonepo, ndiye amachipukuta ndi kuchiveka maluwa chaka ndi chaka. Cholembedwa ndi dzanja la Tai tilibe ngakhale chimodzi.

M'mabuku asanu ndi anayi otsalawo mwina chilimo, mwina mulibe. Sindikudziwa amene iye anabwereka.

Ndikulemba izi ngati ndikulemba za munthu wa m'nyuzipepala.

Lachisanu, 13 Okutobala

Mayeso oyenda mphindi zisanu ndi chimodzi m'khonde: mamita 310, mpweya unatsika kufika 88 n'kubwereranso. Dokotala akuti ngati nyumba yakonzeka, Lachiwiri.

Mrinal anabwera maso ali ofiira ndi fumbi. Watsitsa yekha makatani onse, wapeza anthu otsuka makoma Lolemba, wayitanitsa matiresi. Mabuku wawamanga kale m'matumba, ali pa masitepe panja. Anandipatsa phala la mpunga ndi mphodza, n'kuwodzera pampando kapu ili m'manja.

Za kaambulera sindinamupemphe.

Atapita a Inamdar anati, "Aphunzitsi, pakamwa panupo mpofotokozera makina basi?"

Ndinati anandiuza kuti ndisamupemphe, ndipo ndinavomera.

"Ine ndaona anthu ambiri akupitirira siteji yawo chifukwa cha manyazi oliza belu loti atsike. Basi siidziwa manyazi. Imangopita."

Ndinati ndatopa.

"Tonse muno tatopa. N'chifukwa chake anatipatsa mabedi."

Loweruka, 14 Okutobala

Mpweya 93. Lita imodzi.

Ndinamupempha. Ndinakonza mawu abwino tsiku lonse, koma atafika ndinayamba ndi kufotokoza mmene osoka mabuku ankamatira masamba akumapeto. Anandidula.

"Mukufuna chiyani?"

Ndinati sindikufuna mabuku, sindikufuna nambala 58, sindikufuna ngakhale pepala limodzi libwerere m'nyumba. Ndikungofuna atsegule kumbuyo kwa buku lililonse asanapereke, ajambule ndi foni. Atavala chophimba pakamwa. Ndinamuuza za kaambulera.

Kenako anati, "Matumbawo ndinasoka ndi chingwe. Manja anga awa." Anandionetsa. Anali ndi matuza.

"Ndikudziwa."

"Simukudziwa. Zaka zonsezi mabuku ali pamwamba pa mutu wanu, mumayang'ana chiyani?"

Analongedza zitini zake n'kupita nthawi ya alendo isanathe. Sanati inde, sanati ayi.

A Inamdar anayang'ana kudenga. "Belu lalira," anatero. "Zotsala n'za dalaivala."

Lamulungu, 15 Okutobala

Wogula mapepala amayenera kufika 9 koloko. Ndinadya, ndinamwa mapiritsi, ndinayezedwa shuga (164). Foni ndinaiika pa bulangete. 9 koloko, palibe. 10 koloko, palibe. Madokotala a Lamulungu anadutsa mwachangu. Ndinaganiza kuti zatha, ndipo ndinaona kuti ndikhoza kupirira. Munthu amene sakumva kanthu amapirira zambiri.

Nthawi ili 10:52 foni inayamba kunjenjemera, ndipo sinasiye. Zithunzi 18, kutsogolo ndi kumbuyo kwa buku lililonse. Pansi pake mawu ake: "Munthuyu anadikira ola lathunthu akudandaula. Ndamupatsa tiyi. Zapita."

Malinga ndi malamulo athu, zithunzizi n'zoipa zonse. N'zopendekeka, zajambulidwa pa masitepe, chithunzithunzi cha chitsulo chogwirira chadutsa pakati. Masambawo ndi achikasu, a madontho akuda a chuku. Ndipo adzaza. Sindinkadziwa kuti ankadzaza chonchi. Nyenyezi, mitanda, zilembo za Chimarathi ndi za Chingerezi, kamphaka, kadzuwa, wina ankangolemba nambala 7 m'kabwalo. Patsamba limodzi ndinawerenga zizindikiro 63. Wina analemba kuti, "Tsamba 40 ang'amba, musabwereke." Wina pansi pake: "Wang'amba ndiwe."

Buku la 23, palibe. La 24, palibe. La 25, pakona ya kumanzere pansi, pakati pa nyenyezi ndi chilembo K, kaambulera kobiriwira, chogwirira chake chopindikira kumanja. Kaang'ono ngati njere ya mpunga. Kalinso m'buku la 26, la 29 ndi la 30. Mu la 29 inki inamuthera pakati, ndipo anabwereza mzere kawiri.

Ndinakulitsa chithunzicho mpaka chinasanduka madontho.

Sisita Jisha anabwera kudzapana chala, n'kufunsa chifukwa chake mtima ukuthamanga pa 104. Ndinati sindikudziwa. Anandipatsa kansalu kopukutira kumaso.

A Inamdar anapempha kuona. Anavala magalasi, nayang'ana nthawi yaitali. Kenako analoza m'mphepete mwa chithunzi, pamene chala chinapanikiza tsamba kuti lisatsekeke.

"Ichi n'cha ndani?"

"Cha mayi a Ketaki."

"Chili ndi thuza."

"Eya."

"Chimenechinso muchapa?"

Ndinati ayi.

Lolemba, 16 Okutobala

Achotsa timapaipi. Mpweya 93 popanda thandizo. M'mphuno mukumveka mwachilendo.

Mrinal anabwera mochedwa. Otsuka makoma anamaliza 4 koloko. Ndinati zikomo. Anati tiyi wa wogula mapepala anamuthirira shuga wambiri kuti asiye kulankhula. Kenako anafunsa kuti kaambulera kaja n'kati, chifukwa pojambula sanakaone, magalasi anachita nthunzi ndi chophimba pakamwa. Ndinamuonetsa. Tinayang'ana limodzi pa foni yake, iye atakhala m'mphepete mwa bedi.

"Anali ndi dzanja labwino," anatero.

Lachiwiri, 17 Okutobala

Anditulutsa masana. Prednisolone 40 kwa milungu ina iwiri, kenako 30. Kubweranso pa 31. Osalowa m'sitolo ya mabuku akale, osagwira pepala lachikasu, mwina moyo wonse. A Inamdar atsala. Akuti mwina sabata yamawa. Andipatsa dzanja n'kunena kuti ndisadzabwerenso, bedi 14 akufuna aikepo munthu wodziwa kusewera makhadi.

Nambala 58 yapita ku chigayo cha mapepala. Ntchito yanga yojambula yathera pa buku la 22. Ndikudziwa kuti tsiku lina zimenezi zidzandiwawa. Pakadali pano zili patali.

Ketaki aika zithunzi 18 zija m'nkhokwe ya gulu, mmene zilili. A Debashis, ndikudziwa kuti zikuswa lamulo. Muziike m'chikwatu chapadera ngati zikudetsa zinazo. Mwa anthu 63 aja ena ali moyo, ndipo mwina mmodzi ali m'gulu lomweli.

Ine sindingagwirenso buku lotere, koma inu mungathe. Ngati muli nalo limene linachokera ku laibulale yobwereketsa, musanafike ndi lumo pa ulusi, litembenuzeni. Tsegulani zenera, valani chophimba pakamwa, tsegulani tsamba lomaliza. Lijambuleni ndi chilichonse chimene muli nacho m'manja, ndipo musafufutepo kanthu. Yesani limodzi lokha. Mukapezapo inki yobiriwira, mundiuze.